A Mbewe ndi fodya wa m'mwamba

Chimene chimandibwezera kwa a Mbewe ndi fungo la bulugamu wamuwisi akamapsa, losakanikirana ndi kafungo kotsekemera ka fodya amene wayamba kuchita chikasu. Kuno ku Doha fungo limeneli kulibe, komatu mwezi wathawu ndinalimva ndithu, nditaima pa masitepe a nyumba yatsopano ya bosi wanga ku Al Duhail.

A Mbewe anali aneba athu pa esiteti ina ku Kasungu, khomo lawo kuyang'anizana ndi lathu. Ntchito yawo inali yosonkha moto pa balani, chinyumba chachitali chanjerwa chowumitsiramo fodya. Moto umayaka panja, kutentha n'kumadutsa m'mapaipi pansi, fodya ali lende pa mikangala, timitengo togoneka pa mitanda, kuyambira m'munsi mpaka kudenga. Anali munthu wosayankhulayankhula, nsidze zinapsa kalekale, malaya onunkha utsi ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Anafe tinkapita kukaotcha chimanga pa makala awo, iwo osatithamangitsa, komanso osatisekerera ayi.

Asanaponye chikuni china pamoto, ankayamba alowa m'balanimo, n'kukwera mitanda ija mpaka pamwamba, n'kuimika kuseri kwa dzanja pakati pa masamba. Akatsika m'pamene ankadziwa ngati atsegule timazenera takudenga kapena adikire. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kumwambako amakatengako chiyani. Anati, "Kwera ukaone." Ndinakwera. Pansi panali potentha mouma ngati pambali pa mbaula, koma m'mwamba, eee, mpweya wonyowa, wolemera, malaya kumata pamsana nthawi yomweyo. Nditatsika anati, "Wamva? Denga ndi limodzi, koma muli nyumba ziwiri umu."

Chaka china kunabwera kapitawo watsopano, wopita kusukulu, ali ndi kagalasi koyezera kutentha. Anakapachika pafupi ndi chitseko, polingana ndi diso lake, n'kulamula kuti timazenera tija tisatsegulidwe nambala isanafike pomwe analemba ndi choko, ati nkhuni zikutha msanga.

"Akapitawo, fodya wa m'mwamba akutuluka thukuta," anatero a Mbewe.

"Madala, galasi silinama. Dzanja lanulo lili ndi manambala?"

"Lilibe. Koma takwerani kaye."

"Ndikwere, ndine nyani ine?"

Anthu anaseka. A Mbewe sanabwerezenso, anangosonkha moto monga anauzidwa. Tsiku lotsitsa fodya, wa pansi anali wachikasu bwinobwino, wa m'mwamba yense wakuda ngati chiwindi. Mwini esiteti atafunsa, kapitawo anamuyankha kuti wosonkha moto wakalamba. Lachisanu lake tinaona a Mbewe akukweza mphasa, mapoto ndi mpando umodzi pa ngolo. Mtondo anasiyira amayi anga, ati ukulemera. Kumene anapita sindikudziwa. Kaya analakwa posabwereza mawu aja, kaya munthu wamkulu sanena kawiri, ine ndimaganizaganiza mpaka lero.

Kuno ndine dalaivala wa pakhomo. Nyumba imene bosi wamangayo ndi yosanja, pansi pochezera alendo, pamwamba zipinda zogona. Nkhani inali ya eyakoni yoziziritsira m'nyumba, kuti aike makina amodzi aakulu a nyumba yonse, kapena pansi ake, pamwamba ake. Munthu wa kampani anabwera masana. Anaima pabalaza, pa matailosi ozizira, n'kunena kuti amodzi akwana, aziziziritsa nthawi yotentha, mu Januwale azifunditsa, ndipo kabokosi koyezera kutentha kakhale pakhoma la pabalaza pomwepo. Masitepe sanawayang'ane n'komwe. Bosi anati, "Khalasi," kutanthauza kuti nkhani yatha.

Ine ndinali nditanyamula katoni kupita nayo pamwamba, ndiye ndili pakati pa masitepe mpweya uja wa m'balani, ndi fungo lake lomwe, unandimenya kumaso. Denga la simenti linali litayamba kale kuphika zipinda. Dalaivala salowerera za eyakoni, zimenezo ndimadziwa, sukulu ndinalekera sitandade sikisi. Komanso kontrakiti yanga inali pafupi kutha, bosi asananene ngati andisunga. Ndinatula katoni ija n'kutsika.

"Bosi, pepani, mukanakwera kaye pamwamba."

"Mafi mushkila, Yohane, palibe vuto. Munthuyu ndi injiniya. Iwe uinjiniya unaphunzira pa chiwongolero?"

Wa kampani uja anaseka. Apa m'pamene a Mbewe analekera. Koma ine ndinabwereza.

"Masitepe okhawa, bosi. Ana anu azigona kumeneko."

Bosi anandiyang'ana mpaka ndinayamba kuganiza zolongedza chikwama changa. Kenako anati, "Yala," ndiye kuti tiyeni, n'kukwera, wa kampani ali pambuyo. Sanakhalitseko. Bosi anatsika mkanjo wake woyera utamata pamsana, n'kuuza munthuyo kuti pansi pakhale makina ake, pamwamba ake, kulikonse ndi kabokosi kake. Ine sanandiyankhule tsiku lonse, zikomo osanena. Patapita masabata atatu anangondiponyera kiyi wa nyumbayo m'galimoto, ati ndizikayang'anira anthu okhoma makina, komanso ndimupatse pasipoti akandiwonjezere chaka.

Dzulo okhomawo amafuna kuboola khoma la pamwamba pafupi ndi masitepe kuti aikepo kabokosi kaja, ati m'pamene waya wafikira. Ndinawauza adikire. Ndinalowa chipinda chakumadzulo, chimene dzuwa limachiwomba kwambiri, n'kukweza kuseri kwa dzanja m'mwamba. Mmodzi anandifunsa kuti ndikupemphera kapena chiyani. Dzanja langa nalonso lilibe manambala, koma ndinawalozera pomwe aike kabokosiko, ndipo atakana ndinanenanso kachiwiri.