Rumba pa Maliro a ku Kabwata

Ndikadali wokwiya ndi pulogalamu ya nyimbo ya pa foni yanga. Ndinaikankha ndi chala tili m'minibasi, ine nkumati ndatseka, osadziwa kuti yangobisala.

Pa maliro ku Kabwata ndinapereka sipika yanga kuti ithandize kwaya. Mlamu wanga, ba Tembo, atangoiyatsa abusa ali pakati pa pemphero, inalumikizana ndi foni ya m'thumba mwanga. Rumba inaphulika.

Ine ndinawayang'ana ndi diso lofiira. "Ba mulamu, pa malilo zoona?"

Abemba, amene mwambo umawalola kutiseka ife akum'mawa pa maliro, anawathira ba Tembo ufa mutu wonse. Foni ndinaizimitsa mwakachetechete, dzanja lili m'thumba.

Dzulo ba Tembo anabwera kudzapepesa kuti anandichititsa manyazi. Ndipo ine ndinawakhululukira.