Nyumba ya Mabisiketi Othyoka

Mpongozi wanga amagwira ntchito yosita kuseri kwa shopu ina yochapa zovala. Chipinda chomwe amagwiriramo chilibe zenera. Muli tebulo lalitali, simbi ziwiri zamagetsi, ndi nthunzi yomwe imayenderera m'makoma ngati thukuta. Mikono yake ili ndi zipsera za simbi, zina zakale zina zatsopano. Ndikamati ndi mkazi wabwino sindikumukometsera, pakuti kukometsera sindikudziwa. Ali ndi mkwiyo wake, ndipo akapsa mtima amatha masiku osalankhula ndi munthu. Koma ana ake awiri sanagonepo ndi njala, ndipo ine nkhalamba anandisunga m'nyumba mwake pamene akanatha kunditaya.

Mwamuna wake ali m'ndende. Ndi mwana wanga wobereka ndekha, koma ndinena monga zinalili: anayendetsa lole ataledzera, anagunda munthu woyenda pansi, munthuyo anafa. Woweruza sanalakwe. Pomwe ankamutenga, mpongozi anali woyembekezera mwana wachiwiri. Anabadwa wamkazi, ndipo timamutcha Kanyerere chifukwa paliponse pomwe pabisidwa shuga amapapeza.

Ali mtsikana, mpongozi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina lopeza bwino. Kumeneko anaona ana akumanga tinyumba ta mabisiketi pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Iye gawo lake linali kusesa nyenyeswa. Atakwatiwa anayamba kuchita zomwezo kwawo. Sukulu zikangotsekera ankagula mabisiketi amakona anayi, maswiti amitundumitundu, ndi shuga wosalala ngati ufa, uja amapaka pa keke. Shugayo akamuthira timadzi amalimba n'kukhala matope omangira. Ntchito yaikulu ndi kugwira khoma osagwedezeka mpaka shuga aume. Mwana wanga, wopupuluma pa chilichonse, apa pokha ankadekha. Ankagwira makoma ndi zala zake zikuluzikulu, mwana wawo woyamba akumata maswiti padenga.

Ine ndinkadana nazo. "Chakudya sichoseweretsa," ndinkatero.

"Tidya ndithu, bambo," ankayankha mpongozi. "Ingodikirani tifolere kaye."

Vuto linali Kanyerere. Bambo ake anawaonera m'ndende, atameta mpala, atavala zovala zofanana ndi za amuna ena onse a mmenemo. Ali khanda ankalira akangomunyamula. Atayamba kuyenda ankathawira kunsi kwa benchi n'kukakamira miyendo yanga mpaka belu lotulukira litalira. Amayi ake sanamunamize. Anamuuza kuti awa ndi bambo ako, analakwa, akulangidwa. Mwanayo ankangopukusa mutu. Tsiku lina mwana wanga anati, "Musamabwere nayenso, mukungomuzunza." Mpongozi sanamumvere.

Kenako tinamva kuti chaka chikangotha amusamutsira ku ndende ina yakutali, komwe munthu wogwira ntchito ngati ya mpongozi sangapeze mpata wopitako ndi ana. Podzatuluka, Kanyerere adzakhala ali namwali. Tinatsala ndi ulendo umodzi wokha.

"Tikamangira komweko nyumba ya chaka chino," anatero mpongozi akupinda zovala za ana. "Mwanayu sangakane maswiti. Akakhala patebulo limodzi ndi bambo ake, manja awo akakumana. Ndikufuna apite akudziwa kuti mwana wawo wawadziwa."

"Sakakulolani," ndinatero.

"Za m'shopu zomata bwinobwino amalola. Mwaiwala?"

Sindinaiwale. Buledi ankamudula, sopo ankamuboola, koma mapaketi osatsegula ankangowatembenuza n'kuwapereka. Chomwe sitinadziwe n'chakuti lamulo linali litasintha. Wina anali atabisa lezala m'paketi n'kuimatanso mwaluso.

Pachipata tinapeza mzere wautali wa amayi ndi majumbo awo. Patebulo lofufuzira panali msilikali wamkazi, wonenepa, wa maso otopa. Anang'amba paketi yoyamba, anatulutsa bisiketi n'kuithyola. Anatenga ina n'kuithyolanso.

"Mayo, bwana, mukutani?" anakuwa mpongozi.

"Ntchito yanga, mayi. Chilichonse cholowa muno chimathyoledwa."

"Koma amenewa ndi makoma! Tikufuna tikamange kanyumba ndi ana."

Msilikaliyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nyumba? Muno? Mayi, nyumba tili nazo kale, zosadontha, ndipo lendi salipira."

Amayi a pamzere anaseka. Wina kumbuyo anati, "Mukamange ya zitseko ziwiri, achemwali, wanga atulukire chakuseri!" Mpongozi sanaseke. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ngati n'kuthyola thyolani, koma chonde pakati penipeni. Musafinye."

Msilikaliyo anapumira m'mwamba. Koma ndinaona kuti otsalawo ankawatsamiritsa pa ngodya ya tebulo n'kuwathyola mosamala. Ena anathyoka bwino, ena ananyenyeka. Maswiti anawafundukula limodzilimodzi, a tofi akuwadina ndi chala. Atafika pa shuga uja anangomukankhira pambali.

"Ufa woyera sulowa."

"Ndi shuga, bwana. Lawani."

"Ine sindilawa za anthu. Mukamutenga potuluka."

Apa ndinaganiza kuti zatha. Popanda shuga uja palibe chomatira. Ndinauza mpongozi kuti tingopereka mabisiketiwo adye basi. Iye anasonkhanitsa zidutswa zonse pa kakatoni komwe anabweretsa kuti kakhale maziko, ngakhale nyenyeswa, n'kunyamula ndi manja awiri ngati wanyamula mazira.

Chipinda choonerana ndi chachitali, chili ndi matebulo achitsulo okhomerera pansi, ndipo phokoso lake ndi ngati la pamsika. Akaidi amakhala mbali imodzi, manja ali patebulo, osaimirira. Mwana wanga analowa ataonda kuposa ulendo watha. Mdzukulu wanga wamkulu anamugwira dzanja. Kanyerere analowa kunsi kwa benchi monga mwa masiku onse.

"Mwabweretsa chiyani, amake ana? Zagundidwa ndi galimoto?" Mwana wanga atangonena mawuwo anazindikira chomwe wanena, n'kugwetsa nkhope.

"Tamverani," anatero mpongozi motsitsa mawu. "Musamuitane, musamuyang'anitsitse, ndipo musamufunse kuti ndinu ndani. Inu gwirani makoma basi."

Wamkulu uja ndiye anapeza nzeru ya matope. Anaponya switi ya tofi m'kamwa, anaitafuna mpaka inafewa, anailavulira m'manja n'kuikoka ngati ulimbo. Analumikiza nayo zidutswa ziwiri ndipo zinagwirana.

"Zonyansa," ndinatero.

"Agogo, inu mulibe mano, ndiye musatinyoze ife amisiri."

Anayamba kutafuna onse, mayi ndi mwana. Khoma lililonse linali la zigamba, lopindika, la timabowo. Fungo la tofi litafika kunsi kwa benchi, ndinamva kadzanja kakusiya mwendo wanga. Kamutu kanatulukira m'mphepete mwa tebulo.

"Nanga ine?"

"Matope akuchepa," anatero amayi ake osamuyang'ana n'komwe. "Ngati ukufuna ntchito, kwera utafune. Koma osameza."

Kanyerere anakwera pabenchi, kumapeto kwenikweni, kutali ndi bambo ake. Switi yoyamba anameza. Yachiwirinso anameza. Yachitatu anaitulutsa n'kuimata pomwe mkulu wake anamulozera.

Itakwana nthawi yoimika, manja anachepa. Mpongozi anagwira makoma awiri, wamkulu anagwira lachitatu. Lachinayi anandipatsa ine, koma manja anga amanjenjemera, ndipo linagwa kawiri. Sindinachite dala.

"Agogo, mukuwononga!" anakalipa Kanyerere, tofi ali m'zala. Anayang'ana uku ndi uku kufuna wina. Panalibe wina koma mmodzi yekha. Anayang'ana manja aja ali phee patebulo, osati nkhope ya mwini wake.

"Inu. Gwirani apa."

Mwana wanga anatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kugwira khomalo ndi zala ziwiri.

"Osati pamenepo! Apa." Anagwira chala chachikulu cha bambo ake n'kuchisuntha yekha, kenako anachidinikiza ndi kachikhatho kake. "Musachotse mpaka ndinene."

"Sindichotsa, mayi," anatero mwana wanga.

Anakhala choncho, kadzanja kali pamwamba pa dzanja lalikulu, mwanayo akumata ngodya ndi dzanja linalo, lilime lili panja. Mpongozi anayang'ana kukhoma la chipindacho. Ine ndinaona mapewa a mwana wanga akuyamba kugwedezeka, ndipo kugwedezekako kunatsikira m'dzanja. Khoma linapendekeka.

"Mukugwedeza! Akuluakulu inu simutha kugwira?"

"Pepani, bwana kapitawo. Ndigwira bwino."

Kanyerere anaseka pang'ono pomva akutchedwa kapitawo. Aka kanali koyamba kuseka m'chipinda chimenecho. Makoma anayi anaima, opindika koma anaima. Wamkulu anayamba kulumikiza zidutswa za denga. Lisanathe, belu linalira.

Asilikali anayamba kuyenda m'mizere akuwomba m'manja. Mwana wanga anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana mwanayo. Anauzidwa, ndipo anamva, koma sanapirire. Anatembenuza dzanja lake n'kugwira kadzanja kaja.

"Mwanawe, tandiyang'ana. Ine ndine ndani?"

Kanyerere anakweza maso, anaona mpala uja, nkhope yonyowa ndi misozi, ndi msilikali ataima kumbuyo kwake. Anasolola dzanja lake mwamphamvu, chigongono chinagunda nyumba ija, khoma limodzi linagwera mkati. Anatsetserekera kunsi kwa benchi n'kundikakamiranso miyendo.

"Ndinakuuzani," anatero mpongozi. Sanakweze mawu. "Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani."

"Nthawi yatha, amake ana. Ndikanafunsa liti?"

Msilikali anati chakudyacho mkaidi atenge kapena tichitaye, pakuti cholowa sichitulukanso. Mwana wanga ananyamula kakatoni kaja ndi makoma atatu oimirira, n'kulowa pamzere wa anzake. Pakhomo anacheuka. Wamkulu anamubayibitsa akulira. Kanyerere sanatuluke mpaka chitseko chitatsekedwa.

Pachipata anatibwezera shuga wathu. Msilikali wamkazi uja anafunsa ngati nyumba inatheka. Mpongozi anangoti, "Inatsala denga."

Tinakwera basi yobwerera kwathu. Mpongozi ananyowetsa kansalu ndi madzi a m'botolo n'kumapukuta zala za Kanyerere chimodzichimodzi. Ine ndinali ndi mawu okonzeka onena za mwana wanga, kuti kupupuluma komwe kunamulowetsa m'ndende ndi komwenso kwamulanda mwana, koma ndinawameza. Mkaziyo ankadziwa kale.

Tili pafupi kutsika, Kanyerere anafunsa, "Amayi, munthu uja afolera yekha denga?"

"Si munthu uja. Ndi bambo ako."

Mwanayo anayang'ana pawindo. Kenako anati, "Alibe matope. Tofi yense tinatafuna ife."

"Inde, alibe."

"Ndiye tidzawapititsire mawa."

Mpongozi anapinda kansalu kaja n'kukaika m'jumbo. Ndinadikira kuti ndimve ngati anama, pakuti apa bodza linali lapafupi ndipo ngakhale ine sindikanamudzudzula.

"Mawa sitingathe," anatero. "Akupita kutali. Tidzawaona utakula."

Kanyerere sanalire ndipo sanafunsenso. Mwana wanga anamusamutsa chaka chitangoyamba, ndipo tinamva atapita kale. M'mawa mwake mpongozi anapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Sanalankhule nane za tsiku lija mpaka sabata ina pamene tinatsala awiri pakhonde.

"Sanawatchule kuti bambo," anatero.

"Sanawatchule."

"Koma anawagwira dzanja yekha, osakakamizidwa. Munaona inunso, eti bambo? Sindikudzinamiza?"

Ndinamuuza kuti ndinaona ndi maso anga, ndipo kuti mwanayo akadzakula n'kufunsa, ndidzamuuza zomwezo ngati ndidzakhale ndili moyo.