Shehe wa Kuseri kwa Mpanda

Amuna anga ndi shehe, komanso amalemba timabuku ta mapemphero a swala ndi malangizo a banja, timene amagulitsa pakhomo pa mzikiti kuno ku Mangochi. Chaka china anawerenga pa foni za mtsogoleri wina wa chipembedzo cha Ayuda amene analemba buku lofotokoza mmene nthabwala za mtundu wake zinalowera m'zojambula zoseketsa ndi m'zisudzo. Nkhaniyo inawagwira mtima mpaka tiyi ankazizira patebulo. Ankati azisudzo ambiri a pa wailesi anatengera kwa ife a kunyanja: kanenerero ka wogulitsa usipa, kanyozedwe ka pachisuweni. Basi, nawonso alemba buku.

Anayamba kuyenda ndi foni kujambula mawu a anthu. Anakwera lole mpaka ku Makanjira, anakakhala ndi asodzi ku Nkhudzi akusoka maukonde. Ine ndinkangoti ayende, bola asafike kuseri kwa mpanda.

Kuseri kwa mpanda ndi kumene amayife timakhala pa sadaka ya maliro. Amuna amakhala kutsogolo pamikeka ndi madua awo, mapemphero opempherera malemu, ife tikusankha mpunga ndi kusenda anyezi. Ntchito ikachepa timasewera motsanzira amuna athu. Wina amakulunga chitenje kumutu, wina amatulutsa mimba n'kumayenda chotakasa. Zimenezi sizituluka kunja, ndipo mkazi woulula samuitananso ngakhale kudzatsuka mbale. Tsono amene ankasewera shehe, mpaka amayi kugwetsa zipande, ndinali ine.

Pa sadaka ina phwete lathu linadumpha mpanda. Titafika kunyumba, amuna anga anandiitana pakhonde. Anati amva kuti pali mayi wina amene amawatsanzira bwino koposa, ndipo akumufuna chifukwa cha buku. Sanaoneke okwiya. Ndinayankha kuti ine ndimatanganidwa ndi miphika, sindiona za masewera.

Munthu wolemba buku samva. Anayamba kufunsa amuna anzawo potuluka mu mzikiti, amunawo n'kumakafunsa akazi awo kunyumba. Posakhalitsa chala chinaloza mkazi wa muazini, uja woitanira anthu ku swala, chifukwa ndi mayi wosachedwa kuyankhula. Mwamuna wake anamukalipira kuti wamuchititsa manyazi pamaso pa shehe, n'kumuletsa kupita ku sadaka iliyonse. Kumsika amayi anzanga anayamba kundipatsa moni wa kumphuno. Tsiku lina mayiyo anandipeza pa mjigo, maso ali ofiira.

"Amayi a shehe, inu mukudziwa, ine ndikudziwa," anatero motsitsa mawu. "Ndikuvutikira chiyani?"

Ndinkaopa, ndinene zoona. Amuna anga sanandikwezerepo dzanja, koma moyo wawo wonse waima pa ulemu. Kusekedwa ndi mkazi wa mnzako ndi nkhani ina. Kusekedwa ndi wako, pamaso pa amayi onse amene amakugwadira popereka moni, ndi nkhani inanso. Ndinaonapo mabanja akutha pa zinthu zochepa kuposa pamenepa, ndipo kwathu kunalibenso wondilandira.

Masana amenewo ndinapeza amuna anga akuwerenga pampando wawo pakhonde. Ndinawauza kuti mayi wowatsanzira uja ndamupeza, koma ayambe azimitsa foni. Anazimitsa, akuyang'ana kukhomo kudikira mlendo. Ndinawapempha kuti adzuke. Ndinakhala pampandopo, ndinatenga magalasi awo ndi buku.

Kuseri kwa mpanda mbali ya mkazi amasewera mnzanga, koma apa ndinachita zonse ndekha. Ndi mawu anga ndinati, "Abambo, mwana watentha thupi." Kenako ndinakhosomola pang'ono monga amachitira, kunyambita chala, kutsegula tsamba, maso osachoka m'buku. "Mmm. Inshallah, tikambirana."

"Abambo, denga likudontha pamene timagona."

"Mmm. Inshallah, tikambirana."

"Abambo, ine ndikupita kwathu, sindidzabweranso."

"Mmm. Pobwera mugule shuga."

Apa ndi pamene amayi amagubuduka pansi ndi phwete. Koma pakhondepo panalibe woseka. Ndinkamva njinga zikudutsa kumsewu. Amuna anga anali chiimire, atagwira nsanamira. Ndinadikira kuti andiuze kuti ndilongedze katundu.

Atayankhula, anati mawa apita kwa muazini kukamuuza kuti amusiye mkazi wake, wolakwa si iye. Anawonjeza kuti za kuseri kwa mpanda sizilowa m'buku. Ndinapuma pang'ono, koma iwo anali asanamalize.

"Mukamachita zimenezi amaseka?" anafunsa.

"Amaseka onse."

"Nanga inu?"

"Ine sindinasekepo."

Anatambasula dzanja, ine n'kuwabwezera magalasi awo. Sanawavale. Anakhala pansi pamkeka, pamene ndimakhala ine, n'kundiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Zaka zonse za banja lathu ndinkafuna kuti andiyang'ane choncho, koma zitachitika ndinasowa koloza maso anga.