Mphete Inada pa Chala cha Luwiza

Ndikukumbukira mwezi wa Juni womwe ndinali mu Sitandade 5 ku Thambani, nyengo imene manachesi amapsa ndipo kamphepo ka m'mapiri kamang'amba milomo. Azakhali anga, amene ankakaoda katundu ku Joni, anandibweretsera kamphete ka mwala wosintha mtundu. Kanali ndi kapepala kake ka Chingerezi, komwe achimwene anatimasulira monyada: mwala ukakhala wabuluu ndiye kuti mtima uli m'malo, ukabiriwira munthu ali bwinobwino, ukachita chikasu ali ndi nkhawa, koma ukada, mumtima muli zoipa. Zomalizazo anangopeka. Kapepalako kankanena za kutopa basi.

Kusukulu ndinatchuka tsiku limodzi. Pa buleki atsikana ankandiunjirira, aliyense atatambasula chala, ena akundinyengerera ndi mbatata yootcha. Wina mwala utamuchitira chikasu anaulula yekha kuti sanalembe homuweki.

Mnzanga wa pamtima anali Luwiza. Makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika m'mudzi mwathu. Tsiku lina m'mawa, belu lisanalire, anafika akuthamanga, diresi litanyowa m'mphepete, n'kundipempha kuti naye ayeseko. Nditamuveka, mwala unada bii ngati khala.

"Eee, mtima wakuda!" anakuwa Esinati, mtsikana wamkulu m'kalasi mwathu. "Paja kwawo n'kutsidya!"

Pofika masana, nkhani inali itakula: akuti Luwiza amatamba. Ine sindinanene zimenezo, koma sindinatsutsenso. Ndinangosuntha malo m'kalasi. Sabata yonse Luwiza ankadya yekha kuseri kwa kalasi, n'kumaweruka yekha, akuyang'ana pansi.

Loweruka tinapita ndi amayi kukachapa kumtsinje. Madzi ankaluma zala. Atatha kufinya bulangete, anapempha kamphete kaja, n'kukakankhira ku chala chaching'ono. Mwala unada bii.

"Ndiye amayi akonso ndi mfiti?" anandifunsa modekha. Anali atamva zonse kwa amayi ake a Luwiza.

Kenako anapisa dzanja lija kukhwapa. Atalitulutsa, mwala unali wobiriwira, ukupita kubuluu.

"Kanthu kako aka kamadziwa kuzizira basi. Mnzako amatunga madzi maulendo atatu asanabwere kusukulu. Iwe umachokera pamoto."

Lolemba ndinamudikirira Luwiza pabwalo la asembule, anthu onse akuona. Ndinamuveka mphete, n'kufumbata dzanja lake lozizira m'manja mwanga, ndikuliuzira mpweya. Pang'onopang'ono mwala unabiriwira, kenako unakhala wabuluu ngati thambo. Atsikana anaomba m'manja, ndi Esinati yemwe. Koma Luwiza sanamwetulire. Anavula mphete, n'kundibwezera.

"Nanga ukanapanda kusintha?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinaika mpheteyo m'thumba. Tinayambanso kuweruka limodzi, ngakhale panatenga masiku kuti aseke monga kale.

Masiku ano sindionanso mphete zotero pamsika. Ana anga amasonyeza za mumtima ndi tinkhope ta pa foni, tosekerera kapena tolira, ndipo mphekesera imafika pa boma kuchokera ku Thambani munthu usanamalize kumwa tiyi. Palibenso dzanja loti ulifumbate anthu akuona kuti bodza lithe. Luwiza pano amagwira ntchito yoombola katundu pamalire, ndipo ana athu amatchulana asuweni. Timacheza, timaseka. Koma funso lake lija mpaka lero sindinaliyankhe.