Alamu Anga, Mkonzi Wamkulu wa Kalozera

Bukulo linasiyidwa m'kashopu kanga ka fotokope pa boda ya Mchinji ndi dalaivala wina wa ku Zambia amene thiraki yake inachedwa kudikira mapepala. Linali lachingerezi, lonenepa, la masewero oti anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kusankha kukhala msilikali, sing'anga kapena mbala, wina n'kumasimba nkhani, madayisi n'kumagamula zochitika. Dalaivalayo anatiphunzitsa, ine ndi anzanga atatu okonzera amalonda mapepala a katundu. Pochoka anati, "Sungani, mayi. Ndili nalo lina ku Chipata."

Vuto linali lakuti masamba akumapeto, momwe munali kalozera, anathothoka. Tikasemphana pa lamulo tinkavundukula buku lonse mpaka masewero kuzizira. Ndiye ndinaganiza zoti tilembe kalozera wathu m'Chichewa: dzina la chinthu, tanthauzo lake mwachidule, ndi tsamba pomwe chili.

Apa m'pamene analowerera alamu anga, amuna awo a achemwali anga, osintha ndalama pamsewu wa pa boda. Munthu ameneyu akaona ntchito ya wina ikuyenda, chimene amafuna ndi mpando.

"Alamu, zinthu izi zimafuna mutu," anatero, akudzigogoda pachipumi. "Ine ndikhala mkonzi wamkulu."

Tsiku lomwelo anatsegula gulu pa foni, n'kudziika okha woyang'anira. Anaitanitsa msonkhano wokambirana dzina la kalozera, kenaka wina wokambirana mtundu wa chikuto. Anandilamula kuti dzina lawo likhale pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, langa pansi, pambali pa mawu akuti "wotayipa". Ndinawasindikizira chikutocho kuti angondisiya.

Tinagawana mitu. Ine ndinatenga zida ndi zilombo, anzanga aja malamulo a nkhondo ndi maulendo. Alamu anasankha matsenga, ati ndi mutu wa anthu ozama. Netiweki ya pa boda ikagwa, mathiraki atafola pamsewu, ife tinkawerama pa buku. Iwo ankakhala pa benchi panja, kukukuta chimanga chootcha n'kumauza aliyense wodutsa kuti akulemba buku.

Mvula itayamba anabweretsa mapepala awo, ali ndi madontho a mafuta a chipisi. Ndisanatayipe ndinatsegula tsamba limene analemba kuti pali matsenga a moto. Ndinapezapo chithunzi cha hatchi. Lina, mitengo ya zingwe ndi nyali. Manambala onse anali ongolota.

"Alamu, manambalawa mwawatenga kuti?"

"Makina anuwo ndi amene amasokoneza."

"Makina anga alowa bwanji m'bolopeni mwanu?"

Anatsonya. "Mkazi akadziwa kompyuta amayamba mwano."

Ndikanawakhululukira ulesi, pakuti aulesi ndimadya nawo tsiku lililonse. Chimene chinandinyansa chinabwera pambuyo.

Banja lathu limapemphera ku parishi ya Ludzi. Mayi wina wa mumphakati mwathu anabwera kudzafotokopetsa nyimbo za kwaya, n'kuona pa tebulo pepala lolembedwa "Matsenga", pambali pake chithunzi cha chilombo chamapiko. Sanafunse. Posakhalitsa mbiri inali ponseponse yakuti m'shopu mwanga timaombeza. Akuluakulu a mphakati anatiitana kunyumba kwa achemwali anga. Sanabwere ndi ukali, ankangofuna kumva. Ine ndinanyamula buku ndi madayisi kuti aone okha.

Ndisanatsegule pakamwa, alamu anadzuka, korona ili m'manja. Korona imeneyo ndinali ndisanaionepo chikwatirire iwo.

"Makolo anga, ine zimenezi sindikuzidziwa," anatero. "Ndinkangopitako kukamulangiza mwanayu kuti asiye. Koma samva."

Ine mayi wa ana awiri, lero ndasanduka mwanayu. Chikuto chija chinali m'chikwama mwanga, dzina lawo lili pamwamba. Ndinachigwira. Kenaka ndinayang'ana achemwali anga, atazyolika, akupotokola nsonga ya chitenje. Ndinatulutsa buku ndi madayisi okha.

Bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya, anatenga dayisi, n'kulitembenuzatembenuza.

"Ndiye ndikaponya chimachitika n'chiyani, mwananga?"

"Tinene kuti ndinu mlenje, bambo, mwafika pa mtsinje wodzaza. Ponyani tione ngati muwoloke."

Anaponya. Ndinawauza kuti aterereka, madzi awatenga. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kupempha kuponyanso. Potsiriza anangotichenjeza kuti tisamasewere nthawi ya Misa. Alamu anali atakhala kale pansi, korona itabwerera m'thumba.

Mutu wa matsenga ndinaulemba ndekha, tsamba ndi tsamba. Kalozera anatuluka wopanda dzina la munthu, ndipo mikangano yathu inayamba kutha msanga.

Mbiri ija itazilala, tsiku lina tikusewera, alamu anatulukira pakhomo la shopu, akumwetulira.

"Alamu, buku lathu lija latuluka?"

Ndinati mipando yatha. Anaima pakhomo pomwepo, kumauza anzanga momwe akanaponyera madayisi. Basi ya ku Chipata itaima anathamangira komweko kukasintha ndalama, akukuwa kuti kwacha, kwacha.