Njinga Yopanda Kaliyala

Chifuwa chinayamba ndi mkazi wanga Esinati mu Epulo, chaka chachitatu chilowereni matipate. Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Mkanda. Kwathu ndi ku Thyolo, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala, wa zaka zitatu. Epulo ndi nthawi yosankha fodya m'chigafa, ndipo nthawi imeneyo aliyense amatsokomola chifukwa cha fumbi la fodya wouma. Timangochitcha chifuwa cha fodya. Palibe amene amapita nacho kuchipatala, chifukwa chimatha chokha mabelo akachoka. Mabelo anachoka mu Juni, anthu onse anasiya kutsokomola, koma Esinati sanasiye.

Mu Julayi tinati ndi kuzizira. Mu Ogasiti tinati ndi mphepo. Ankatuluka thukuta pogona mpaka chitenje kunyowa, chakudya ankangolawa, ndipo akachokera kuchitsime ankayamba wakhala pansi asanatulutse mawu. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa.

Mwezi womwewo wa Ogasiti mwini esiteti anatilipira, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinagwira ndalama yokwana njinga. Sinali yambiri, inali ya njinga imodzi basi, yosasankha kwambiri. Kuno ku Mchinji munthu wopanda njinga amakhala ngati alibe miyendo, ndiye ine mtima unali dyokodyoko. M'mawa umene ndinkapita ku boma, Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Bambo a Tadala, mukagule ya kaliyala, yakuda ija ngati ya a Banda. Tizidzapitira kuchigayo, komanso mudzanditengereko kuchipatala akandione chifuwachi."

Ndinavomera, koma pakamwa pokha.

Ku boma ndinalowa m'sitolo ya bambo wina wachikulire wachisilamu. Njinga zakuda zinali pamzere, za matayala okhuthala, iliyonse ndi kaliyala wake wachitsulo kumbuyo. Koma pakona panatsamira ina yofiira, yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera ku Zambia. Matayala ake anali owonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi, magiya khumi. Nditainyamula ndi dzanja limodzi ndinamva ngati ndanyamula nkhuku. Mtima wanga unathera pomwepo.

"Imeneyo ndi sipoti, achimwene," anatero mwini sitolo. "Ndi ya pa tala, ndiponso ndi ya munthu mmodzi. Kwanuko kuli tala?"

"Kulibe."

"Muli pabanja?"

"Eya, ndi mwana mmodzi."

"Ndiye tengani yakudayi. Kwa ine zonse ndi malonda, koma ndikukuuzani zoona."

Sindinamve. Sipotiyo inali yotsikirako mtengo pang'ono, ndipo ndinadzinamiza kuti ndikusamala ndalama. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna anthu a pa esiteti atembenuke ndikamadutsa. Ndi chenje ndinagula chitenje choti ndikatsekere mkazi wanga pakamwa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma tsiku limenelo ine ndinkangoona kufiira kokhako.

Nditafika kunyumba, Esinati anaizungulira njingayo kamodzi. Kenako anaika dzanja lake m'malere, pamwamba pa tayala lakumbuyo, pamene pakanakhala kaliyala.

"Nanga ine ndizikhala pati?"

Ndinaseka. Iye sanakangane nane, sanali munthu wokangana. Analandira chitenje chija ndi manja awiri n'kulowa m'nyumba. Kuseka kumene kuja kumandiwawa mpaka lero kuposa jakisoni aliyense amene ndinabayidwa pambuyo pake.

Mu Sepitembala ndinali mfumu ya msewu. Ndikawapeza a Banda, oyandikana nafe nyumba, akupalasa ndi thumba la chimanga, ndinkaliza belu n'kuwakuwira kuti apatuke. Tsiku lina pa tiyirumu, anthu ali tho, ndinawauza kuti njinga yawo ndi ngolo yosowa ng'ombe. Anthu anaseka kwambiri. A Banda anangomwa tiyi wawo.

Chakumapeto kwa Okutobala Esinati analavula magazi. Apa ndiye ndinachita mantha. Ndinathamangira kwa wokonza njinga kuti awotcherere kaliyala, koma anangogwira limu yakumbuyo n'kupukusa mutu. Anati munthu wachiwiri akakwerapo ipindika tisanathe mtunda umodzi. M'mawa mwake ndinakulunga chitenje pa felemu n'kumukhazika Esinati kutsogolo kwanga ngati mwana. Mahandulo opindika aja ankandikakamiza kuwerama, moti chifuwa changa chinkamupanikiza kumsana iye akulephera kupuma. Titafika pamchenga tayala linatitimira, kenako linaphwa ndi minga. Tinabwerera wapansi, iye akupumira pamtengo uliwonse.

Njinga ya a Banda inali pomwepo, kuseri kwa mpanda. Ndikanangogogoda. Koma ndikaganiza mawu anga a pa tiyirumu, ndinkabwerera m'nyumba. Ndinkati mawa, kenako mawa lina. Mvula yoyamba inagwa, kapitawo anayamba kutifulumiza kuwokera fodya, ndipo ndinapeza pobisalira. Ndinagula mapiritsi a chifuwa pa golosale. Milungu itatu inatha motero chifukwa cha manyazi anga.

Amene anagogoda anali a Banda. Akazi awo anali atabwera kudzamuona wodwalayo, ndipo m'mawa wotsatira bambowo anaimika njinga yawo pakhomo pathu atamangirira kale pilo pa kaliyala. Za ngolo sanatchule. Anangoti, "Tiyeni, anzanga, dzuwa lisanakwere." Iwo ndiwo anamunyamula Esinati mpaka kuchipatala chaching'ono, ine ndikutsatira pambuyo pa sipoti yanga yopanda kanthu.

Kumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu cha ku boma. Anamupatsa timabotolo titatu toti alavuliremo makhololo, ndipo tinadikira zotsatira masiku anayi. Anamuunikanso m'chifuwa. Dokotala anakweza chithunzicho pawindo, n'kundifunsa kuti chifuwacho chinayamba liti. Ndinati mu Epulo.

"Ndi TB, bambo. Imachizika, koma mwabwera mochedwa. Mapapo agwidwa mbali zonse ziwiri."

Anamugoneka ku wodi ya amayi. M'mawa uliwonse anamwino ankabwera ndi jakisoni ndi mapiritsi, ndipo ankaima pomwepo mpaka wodwala ameze. Ine ndinali gadiyani, mwamuna mmodzi pakati pa amayi ambiri kumalo ophikira, ndikuphunzira kuphika phala losapserera. Lachiwiri lililonse ankamuyeza pasikelo, ndipo singano inkangobwerera m'mbuyo. Tadala anatsala ndi akazi a a Banda. Mlungu wachiwiri Esinati anaoneka ngati akupezako bwino, anapempha mango. Mlungu wachinayi, Lachisanu masana, anamwalira ndikumupukuta pakamwa. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.

Ku Thyolo sitikanatha kumupititsa. Anthu a m'mudzi woyandikana ndi esiteti anatipatsa malo kumanda kwawo, ndipo tinamuika pakati pa anthu amene sanamudziwe. Amayi ake analandira kalata maliro atapita kale.

Mu Januwale ndinayamba kutsokomola inenso. Sinali nthawi yosankha fodya, ndiye panalibe chonamizira. Namwino wina anali atandichenjeza kuti ndikangoona chizindikiro ndisadikire. Patatha milungu iwiri ndinakwera sipoti ija, ndipo inandifikitsa ku boma dzuwa lisanafike pamutu. Kunyamula ine ndekha sinavutepo.

Makhololo anaonetsa TB yomweyo. Anandigoneka miyezi iwiri ku wodi ya abambo, moyang'anana ndi khomo limene ndinkalowera ndi phala. Jakisoni anali wa tsiku ndi tsiku, mpaka matako anauma moti ndinkagona chafufumimba. Mkodzo unafiira, koma anandiuza kuti ndi mapiritsi, ndisaope. M'makutu munkalira. Mlungu wachitatu thukuta linasiya, njala inabwerera, ndipo singano ya sikelo inayamba kukwera. Anzanga a m'wodi ankakondwera akaona kulemera kwawo kukuwonjezeka. Ine ndinkachoka pasikelopo n'kukalira kuseri kwa bafa, chifukwa mankhwala amene ankandichiritsawo ndi omwe aja Esinati anawapeza mochedwa. Tadala anamuyeza, ndipo anamupatsa mapiritsi omuteteza.

Nditatuluka ndinapitiriza kumwa mankhwala kunyumba miyezi isanu ndi umodzi, ndikukatenga mwezi ndi mwezi. Sindinadumphe tsiku ngakhale limodzi. A Banda ndi akazi awo anandigwirira munda chaka chimenecho. Tsiku lina ndinayesa kuwapepesa, koma anandidula mawu n'kundifunsa ngati ndamwa mapiritsi.

Mu Sepitembala anandiyeza komaliza. Namwino amene anandipatsa zotsatira anali wachilendo, sankadziwa mbiri yanga. Anasaina khadi akumwetulira.

"Mwachira, bambo. Pitani mukawauze akunyumba asangalale."

Ndinathokoza. Pobwerera sindinakhotere ku esiteti, ndinapitirira mpaka kumanda. Ndinazula udzu umene unamera pamtumbira, ndinakhala pansi, n'kumuuza Esinati kuti ndachira. Ndinamuuzanso kuti ankanena zoona.

Papita zaka khumi tsopano. Ndili bwino, ndimalima ndekha, chifuwa sichinabwererenso, kupatula kuti khutu lamanzere limamva movutikira. Sipoti ija ndinaigulitsa kwa mphunzitsi wina wa ku boma, amene amayenda pa tala ndipo imamuyenera. Njingayo inalibe mlandu. Tadala ali ku sekondale, ndipo nkhani yonseyi ndinamuuza ndekha osabisa mbali yanga.

Anyamata a pa esiteti akalandira ndalama ya fodya amabwera kudzandifunsa njinga yoti agule. Ndimawauza kuti ayambe aona msewu wa kwawo, aganizenso za amene angadzafunike kunyamulidwa tsiku lina, ndipo popita kusitolo apite ndi akazi awo. Kwa inu nonse osankha fodya ndikuti, mabelo akachoka chifuwa n'kutsala, chimenecho si cha fodya. Musadikire magazi. Ngati mulibe chokwera, gogodani kwa mnzanu, ngakhale amene munamunyoza dzulo. Ine ndi mkazi wanga tinadwala matenda amodzi, tinagona m'chipatala chimodzi, tinamwa mankhwala amodzi. Ine ndinadzipititsa patatha milungu iwiri. Esinati ndinamupititsa patatha miyezi isanu ndi iwiri.