Diso lachiwiri la amayi

Amayi anabwera ku Gaborone ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ndinakawatenga ndekha ku Ntcheu, masiku awiri pa basi, n'kumawagwira dzanja pamalire paliponse. Dokotala anati ayamba ndi diso lamanja, lamanzere pakatha mwezi. Ine ndine namwino, za mankhwala sizinkandidetsa nkhawa. Ntchito inali kuwasunga amayi m'nyumba ya mkamwini mpaka diso lachiwirilo litakonzedwa, chifukwa mzimayi wa kwathu sakhazikika pakhomo pa mkamwini.

Mkamwiniyo, amuna anga, amaphunzitsa pa koleji, munthu wa tayi, imvi zili mbuu. Koma akaweruka amadziponya pa sofa n'kuyamba kuuluka. Ali ndi ndege yankhondo mu gemu ya pa TV. Akuti imodzi yomweyo imamenyana ndi zinzake m'mwamba, imaponya mabomba pansi, imazemba osaoneka. Anaipenta okha mtundu wa phulusa. Mapiko ake amawadziwa kutalika, saizi ya nsapato ya mwana wathu saidziwa.

Amayi anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Anathawa nkhondo ine ndili kumsana. Achimwene anga, amene anali atayamba kuyenda okha, anafera pamsika tsiku limene ndege zinabwera. Amuna anga nkhaniyi amaidziwa. Ndinawauza tisanakwatirane, iwo n'kupukusa mutu mwachisoni, ine n'kumati ndapeza munthu.

Loweruka lina, opareshoni yoyamba itachitika, anawachotsa bandeji. Mu kombi yobwerera ku Mmopane, kumene timakhala, amayi ankatchula chilichonse: mbuzi, miyala ya paphiri, maluwa a pachitenje changa. Anandiyang'anitsitsa nati, “Koma iwe wakalamba.” Ndinaseka mpaka mayi wa pambali anatembenuka.

Kunyumba tinapeza amuna anga atakoka mpando. Mkamwini ndi apongozi salankhulana mwachindunji, choncho anadzera mwa ine.

“Madamu, auzeni amayi akhale apa tiyese disolo. Picture yake ndi clear kwambiri.”

Amayi anakana mpando, anakhala pamphasa chammbali. Ine ndinalowa kukhitchini kukapanga tiyi, ndikuganiza kuti awaikira kwaya. Kupusa kwangako kumandiwawabe.

Ndinamva mkokomo madzi asanawire. Potuluka ndinaona mudzi pa TV, mmene umaonekera uli m'mwamba: dothi lofiira, madenga a udzu, tianthu tikuthamanga. Amuna anga ankafotokoza, maso ali kutsogolo, monga amachitira m'kalasi.

“Auzeni kuti bomba ili limatsatira laser. Siliphonya.”

Denga linaphulika, utsi tolo, manambala n'kudumpha pakona. Iwo anadzimenya pantchafu n'kuseka.

Amayi sakanadzuka. Kuchoka mkamwini akukuonetsa chinthu chake ndi mwano. Anakhala pomwepo, manja pamiyendo, n'kumati “zikomo” bomba lililonse likagwa. Diso latsopanolo linkachucha misozi.

“Zimenezo ndi normal pambuyo pa opareshoni, eti Madamu?”

Ine amene ndimatsuka mabala onunkha osatsinzina, izi sindinathe kuzionerera. Ndinazula waya kukhoma. Mawu oyamba amene anatuluka pakamwa pa munthu wophunzirayo anali akuti mission inali isanathe. Achiwiri anali akuti ndi gemu chabe. Atakumbukira, mochedwa, anandituma kuti ndiwapepesere. Ndinawauza kuti pakamwa pomwe pamafotokoza za laser pakhoza kupepesanso. Sanapite, ati mwambo suwalola.

Lolemba m'mawa ndinapeza amayi atamanga katundu wawo m'chitenje. Ndinagwada, ndinachonderera, ndinalonjeza kuti TV ndiitsekera m'chipinda.

“Nanga diso linalo, amayi? Kwangotsala milungu yochepa.”

“Usawakalipire bambowo, anafuna kundisangalatsa,” anatero akumanga mfundo. “Tsiku lija ine sindinaone kanthu. Ndinagona chafufumimba nditakuphimba iwe. Zaka zonsezi ndinkadziuza kuti munthu wa m'ndegemo anali kutali, sankationa.”

Anakoka mfundoyo ndi mano.

“Ankationa bwinobwino, mwanawe. Limodzili landikwana.”

Ndinawaperekeza masiku awiri aja. Pamalire sanafune kugwiridwa dzanja. Diso lamanzere likadali loyera mpaka lero, ndipo ndikaimba foni salola kuti tilitchule. Ndege ija ili pabalaza. Amuna anga anagula zomvera za m'makutu, ati kuti isamandisokoneze.